Kupeza Chiwerengero Chatsopano cha Zida mu Kaundula wa BVC

Alembi a ma BVC, mu kaundula wa zida dzina la msodzi mmodzi limalembedwa kangapo. Tiyerekeze kuti bambo wina analembetsa makoka atatu pa 10 Januwale, kenako anagulitsa limodzi n'kulembetsa awiri pa 2 Juni. Pansi pake pali mzere wa pa 5 Marichi wonena makoka atatu, womwe unalembedwa mochedwa chifukwa pepala linatsalira ku dooko lina. Kodi bamboyu ali ndi makoka angati?

Ambiri amatenga nambala yaikulu, ena mzere wotsiriza. Onsewa apeza atatu, pomwe yankho ndi awiri. Chiphaso chimalipiridwa potengera zida, choncho msodziyu alipitsidwa khoka lomwe alibe, ndipo mkangano wayamba pamenepo.

Chitani motere. Chongani mizere yonse ya dzina limodzi. Yang'anani madeti okha, musankhe deti laposachedwa. Mukatero werengani nambala ya pamzere umenewo. Bwerezani pa dzina lililonse.

Ku ofesi timachitanso chimodzimodzi pa kompyuta. Mu Excel 2019 ndi ina yatsopano, MAXIFS imapeza deti laposachedwa la dzina lililonse. Koma kompyuta siidziwa kuti "J. Banda" ndi "Banda J." ndi munthu mmodzi, imawawerenga ngati awiri. Lembani dzina mofanana nthawi zonse, ndipo mwezi muzilemba m'mawu, chifukwa 2/6 wina amawerenga 2 Juni, wina 6 Febuluwale.

Deti limodzi likakhala ndi nambala ziwiri zosiyana, musangosankha. Itanani mwini zida, mukawerenge makokawo pamaso pa wapampando.