Magetsi owala aziunika msewu, asamathobwe anzathu

Aliyense amene amayenda usiku pa msewu wa M2 pakati pa Luchenza ndi Muloza waona mmene magetsi a galimoto asinthira. Kale galimoto ikamabwera kutsogolo, munkaona timagetsi tiwiri tofiirira. Lero mukumana ndi ma Hilux ndi ma Land Cruiser owala mbee ngati moto wa owotcherera zitsulo, ena atasenza mpiringidzo wa LED padenga. Mwini galimotoyo amaona bwino, inde. Koma wakabaza amene akubwera kutsogolo kwake saona chilichonse.

Ine ndimakonza zamagetsi a galimoto pano pa Chitakale, ndipo ntchito yoika magetsi atsopano ndi imodzi mwa zimene zimandidyetsa. Sindidabwa kuti anthu amawafuna. Pano ndi pamphambano: msewu wina ukupita kuboma mpaka kumalire a Mozambique, wina ukukhota kulowera ku Likhubula ndi Phalombe. Mukangosiya phula, mwalowa m'timisewu ta m'minda ya tiyi ndi m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, momwe muli miyala, matope ndi timilatho topapatiza. Namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, madalaivala ambiri anaphunzira kuti msewu umene ukuudziwa ukhoza kudukiratu usiku umodzi. Kufuna kuona patali si kulakwa.

Ambiri akafika amati, "Achimwene, ndiikireni oti ndikayatsa pano aone ku Muloza." Ndimawayankha kuti, "Bwana, owala alipo, koma tiyambe takambirana komwe kuwalako kuzigwera." Nyali yamphamvu yoloza molakwika imaposedwa ndi nyali yakale yoloza bwino.

Musanatulutse ndalama

Choyamba n'chakuti kuno ku Malawi timayenda kumanzere kwa msewu, monganso ku Mozambique, Zambia, South Africa, Japan ndi Britain. Dimu ya galimoto inapangidwa motsatira mbali imeneyi. Mukaiwalitsa pakhoma muli pampando wa dalaivala, malire a kuwala ndi mdima amakhala mzere wogona chakumanja, kenaka n'kukwera chakumanzere. Mbali yogonayo imateteza maso a amene akubwera kutsogolo. Mbali yokwerayo imakuonetsani oyenda pansi ndi zikwangwani za m'mphepete.

Nyali zopangidwira maiko oyenda kumanja, monga America, Germany kapena China, zimachita mosemphana: zimaponya kuwala kokwerako m'maso mwa mnzanu. Nyali yotere ngakhale muipotokole bwanji, siingakhale bwino pa msewu wathu. Ndiye yang'anani pagalasi. Nyali zotsatira muyezo wa ku Ulaya zimakhala ndi chilembo E m'kati mwa kabwalo. Mukaima kutsogolo kwa nyaliyo n'kuona kamuvi koloza kudzanja lanu lamanja, ndiye kuti ndi ya oyenda kumanzere ngati ife. Kamuvi ka mitu iwiri ndiye kuti ikhoza kusinthidwira mbali zonse. Ngati kamuvi palibe, ndi ya kwa eni ake oyenda kumanja.

Chachiwiri ndi babu. Galimoto zambiri zakale za mtundu umenewu zimagwiritsa ntchito babu la H4, la mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu. M'kati mwake muli kambale kakang'ono kotchinga, ndipo ndi kameneka kamene kamadula kuwala kuti kusakwere. Mabakuli a nyali anawapanga poganizira malo enieni pamene kawaya koyakako kamakhala. Mukalowetsamo babu la LED lotchipa, lomwe timagetsi take sitili pamalo omwewo, kuwala kumamwazika paliponse: m'mitengo, m'madenga, m'maso mwa anthu. Pamsewu penipeni pamatsala zigamba za mdima. Ngati ndalama ilipo, gulani nyali yonse yopangidwira LED, makamaka pa galimoto za nyali zozungulira za mainchesi 7 monga Land Rover Defender yakale. Ngati ilibe, babu la halojeni labwino ndi galasi lopukutidwa bwino zimachita zodabwitsa.

Mabakiti ena amakhala ndi mababu a mawati 100. Amenewo ndimawakana. Amatentha kwambiri, amasungunula pulagi, ndipo mawaya a galimoto sanapangidwire katundu wotere.

Poika, mawaya ndiwo nkhani

Musanagwire waya uliwonse, masulani waya wa negetivu pa batire. Babu la halojeni musaligwire pagalasi ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja amalipangitsa kupsa msanga. Babu la LED la mbali ziwiri, timagetsi take tiyang'ane m'mbali, kumanja ndi kumanzere, osati m'mwamba ndi pansi. Mukamaliza, bwezerani labala wotseka kumbuyo kwa nyali. Mvula ya kuno ku Mulanje siichita masewera, ndipo nyali imene yalowa madzi kapena fumbi imachita khungu msanga.

Magetsi owonjezera, monga masipoti a pabampa ndi mpiringidzo uja, asamatengere moto pa waya wa nyali. Amafunika waya wawo wokhuthala wochokera ku batire, fyuzi yoikidwa pafupi ndi batireyo, komanso rileyi. Masamu ake ndi osavuta: mawati 120 pa mavoti 12 ndi ma ampu 10, choncho fyuzi ya ma ampu 15 ndi yokwana. Pa rileyi wamba, nambala 30 imapita ku batire kudzera pa fyuzi, 87 imapita ku magetsiwo, pamene 85 ndi 86 ndi zoyatsira. Ine zoyatsirazo ndimazilumikiza ku waya wa fulu kudzera pa switchi, kuti dalaivala akangodima, zonse zowonjezera zizizima pompo. Munthu sangamafufuze maswitchi awiri pakhota pamene galimoto ina yatulukira.

Dziwaninso kuti ma Toyota ambiri akale amayatsa nyali podula mbali ya negetivu. Mukapanda kuyeza kaye ndi tesita, mudzadabwa magetsi akuyaka okha kapena fulu ikukana. Ndipo waya uliwonse wodutsa pachitsulo muuveke labala. Waya wongopota ndi manja n'kukulunga pepala la pulasitiki, pa mabampu a ku Likhubula, ndiwo umayambitsa moto mu injini.

Khoma, choko ndi tepi

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ambiri amathamangira kunyumba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Simufunika makina odula. Mufunika khoma, malo osalala, choko, tepi yoyezera ndi mdima.

Popani matayala onse mofanana. M'galimoto mukhale katundu amene imanyamula masiku onse, ndipo pampando wa dalaivala pakhale munthu. Ngati pa dashibodi pali kagudumu kokwezera ndi kutsitsira nyali, kaikeni pa 0. Sendezani galimoto kufupi ndi khoma, mulembe mtanda pamene pali pakati pa nyali iliyonse. Kenaka bwererani m'mbuyo molunjika mamita 10.

Tsopano jambulani mzere wina m'munsi mwa mitanda ija. Pa nyali zambiri pamalembedwa kanambala monga 1.0% kapena 1.3%. Pa mamita 10, 1% ndi masentimita 10. Galimoto zazitali, zimene nyali zake zili pamwamba kuposa mita imodzi, zimafunika kutsika kwambiri, masentimita 15 mpaka 20. Ngati bwalo lanu ndi lalifupi, imani pa mamita 5 ndipo manambalawo muwagawe pawiri.

Yatsani dimu. Tchingani nyali imodzi ndi katoni, mugwire ntchito ndi inayo. Kumbuyo kwa nyali kuli masikulu awiri, lina lokweza ndi kutsitsa, lina lotembenuzira m'mbali. Zunguzani pang'onopang'ono mpaka mzere wogona uja utakhala pa choko cha m'munsi, ndipo pamene mzerewo ukuyambira kukwera pakhale molunjika pansi pa mtanda. Mukatero, chitani chimodzimodzi ndi nyali inayo.

Masentimita amenewa amaoneka ochepa, koma taonani. Nyali yokhala masentimita 90 kuchokera pansi, yotsika ndi 1.5%, kuwala kwake kumakagunda msewu pa mamita 60. Mukaitsitsa kwambiri, mukuona pafupi pokha. Mukaikweza kupitirira mtanda, kuwalako sikugundanso pansi, kukungopita m'maso mwa anthu. N'chifukwa chake mukasintha masipuling'i, mukaika matayala aakulu kapena bampa yachitsulo, bwererani pakhoma. Ngakhale matumba a chimanga kapena zinanazi kumbuyo amadzutsa mphuno ya galimoto, nyali n'kuyamba kuloza kumwamba.

Chiperoni sichiopa LED

Kuyambira mwezi wa May mpaka August, chiperoni chikatsika m'phiri, nkhungu imakuta msewu ndipo 6 koloko isanakwane mdima wagwa kale. Apa mpiringidzo wa padenga umasanduka mdani wa mwini wake. Kuwala kochokera pamwamba pa maso anu kumagunda timadontho ta madzi n'kubwerera kwa inu, kutsogolo n'kungoti mbuu. M'fumbi la mwezi wa October n'chimodzimodzi. Chothandiza ndi dimu, magetsi a nkhungu oikidwa pansi, ndi kuchepetsa liwiro. Masipoti ndi a m'tchire mopanda anthu, osati pa msika wa Chitakale.

Musaiwalenso kuti galimoto ikamayezedwa kuti ipatsidwe COF, pansi pa ulamuliro wa nthambi ya boma ya DRTSS, magetsi ndi chimodzi mwa zinthu zimene amaona. Apolisi apamsewu nawonso ali ndi maso.

Koma chimene chimandikhudza ine si chindapusa ayi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Dalaivala wa minibasi akathobwedwa kwa masekondi 3 okha, wayenda mamita 50 asakuona. M'mamita 50 amenewo mukhoza kukhala mayi wopita kukathyola tiyi m'bandakucha, mwana wotumidwa kukagula mchere, kapena wakabaza wopanda ngakhale kagalasi konyezimira, atanyamula agogo kuchokera kuchipatala. Amene wawathobwa amakhala atadutsa kalekale, osadziwa n'komwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: tsiku lina woyenda m'mphepeteyo adzakhala wa kwanu.

Choncho mukatenga galimoto kwa mmisiri, musamangofunsa ngati magetsi ayaka. Muuzeni kuti, "Tiyeni pakhoma." Ndi ntchito ya mphindi 30 zokha. Mukamaliza, pemphani mnzanu akhale pa siteringi, inu muyende masitepe 30 kutsogolo, mutembenuke n'kuwerama kufika pa msinkhu wa munthu wokhala m'galimoto yaing'ono. Ngati mukutsinzina, ntchito sinathe.