MFUTI YA ATATE YATSALA: KODI TICITE NAYO CIANI?

Mwezi watha tinaika mkulu wina wa mumpingo mwathu. Pa tsiku logawa katundu, pakati pa makasu, njinga ndi wailesi, panatuluka mfuti ya gogodela yokulunga m'saka. Ana amuna atatu anayamba kulimbirana pomwepo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za laisensi.

Acinyamata ambiri sanaonepo gogodela ikulira. Mfuti imeneyi, ya mtundu umene Acikunda anali kuyenda nao m'cigwa ca Luangwa posaka minyanga, imadyera kukamwa. Mlenje amathira wonga, natsindira ndi kandodo kacitsulo, naika cipolopolo, natsindiranso. Ikalira kamodzi yatha, ndipo utsi umaphimba maso. Mkati mwa mpope wake ndi mosalala, motero cipolopolo cimangopita kumene cafuna ngati nyama iri patali. Ndiye cifukwa cake alenje akale anali kukwawa ndi mimba, kuyesa mphepo ndi phulusa, mpaka kufika pafupi zedi. Munthu wa phuma sanali kukalamba pa nchito imeneyi.

Ena m'midzi akali ndi .303 ya Lee-Enfield. Iyi inayamba nchito m'gulu la nkhondo la Angerezi mu 1895, ndipo azigogo athu a Northern Rhodesia Regiment anainyamula ku Somaliland ndi ku Burma pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Imalowa zipolopolo 10, ndipo mizere ya mumpope imazungulitsa cipolopolo kuti cipite molunjika. Zamakono zapitirira pamenepo: nzopepuka, zina ziri ndi galasi loonera patali, ndipo AK-47 ya opha nyama mobisa imalowa zipolopolo 30. Ine ndimalemekeza yakale cifukwa inali kuphunzitsa mwini wake kudekha, koma sindinganame kuti njabwino kuposa yatsopano. Citsulo cimakalamba. Mpope wodyeka ndi dzimbiri, ukadyetsedwa wonga wopanga pakhomo, umaphulikira m'manja, ndipo amene tayenda m'midzi taona zala zimene zinatsala.

Tsono abale, lamulo la mfuti, Firearms Act, silidziwa za colowa. Laisensi ndi ya munthu amene dzina lake linalembedwapo, siyenda ndi magazi. Mwana amene asunga mfuti ya malemu pa denga popanda pepala lake wapalamula, ngakhale asanaombe ndi khwangwala yemwe. Kusaka nyama nakonso kuli ndi cilolezo cake ca Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016.

Alimi adzafunsa kuti, nanga njobvu zikalowa m'cimanga? Funso ili ndi loona, pakuti munda wa caka conse umatha usiku umodzi. Ku Mfuwe gogodela yapeza nchito ina: alonda ophunzitsidwa amaidyetsa tsabola wosinja m'malo mwa cipolopolo, ndipo njobvu imathawa ndi utsi wowawa popanda kubvulala. Njobvu yolasidwa ndi gogodela kawirikawiri siifa, imangosanduka yolusa, ndipo amene amakumana nayo ndi mai wopita kukatunga madzi. Bungwe la COMACO nalonso, kuyambira mu 2003, lakhala likulandira mfuti ndi misampha kwa alenje amene asankha ulimi.

Ija ya pamaliro, titakambirana mpaka dzuwa kupendeka, mwana wamkulu pamodzi ndi a mfumu anainyamula pa njinga kupita nayo kwa akapokola. Wamng'ono sanatilankhule mpaka lero.