KUYEZA MAGAZI KAMODZI SIKUTHA MLANDU

Alimi anzanga a kwa Makanjira, mlimi wanzeru saweruza chimanga cha m'nkhokwe pochiona kunja kokha, pakuti nankafumbwe amadya m'kati. Ndi momwenso alili matenda a kutupa chiwindi, amene madokotala amawatcha hepatitis B ndi hepatitis C. Munthu akhoza kukhala nawo zaka zambiri osamva kanthu, maso osachita chikasu. Chowaulula ndicho kuyeza magazi.

Amene ayenera kuyezedwa kawirikawiri ndiwo odwala impso. Impso zikaleka ntchito, wodwala amatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene makina amasefa magazi ake mlungu ndi mlungu. Popeza odwala ambiri amasinthana makinawo, kachirombo kakhoza kuchoka kwa wina kunka kwa mnzake ngati wokhala nako sanadziwike.

Tsono tamverani za kayezedwe. Mukapeza mapazi a nguluwe m'munda wa chinangwa, mudziwa kuti inapita pamenepo, koma simudziwa ngati ikali momwemo. Kuyeza koyamba kwa hepatitis C kumaona mapazi okha, ndiwo asilikali amene thupi linapanga polimbana ndi kachirombo. Mwa anthu 10 otenga kachiromboka, pafupifupi 3 amakagonjetsa okha, koma mapazi amatsala. Nchifukwa chake pafunika kuyeza kwachiwiri, kofuna kachirombo kenikeniko.

Komanso nguluwe ikayenda pouma sisiya mapazi. Munthu amene watenga kachirombo masabata apitawa sanapange asilikali okwanira kuoneka, ndipo thupi la wodwala impso, pokhala lofooka, nthawi zina limachedwa kuwapanga. Wotereyu akhoza kuuzidwa kuti alibe, chikhalirecho ali nako. Madokotala akamamuyeza mobwereza sikuti asokonezeka ai, akulondola nyama.

Kuyeza kwa hepatitis B kumafuna kachidutswa ka kachirombo komwe. Kakapezekabe patapita miyezi 6, ndiye kuti matenda akhazikika, ndipo mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ayenera kuyezedwa nawonso.

Chitani izi. Mukauzidwa tsiku lobwerera ku chipatala, pitani, ngakhale kuli kupalira kapena usipa wagwa pa gombe, ngakhale ulendo wa ku Mangochi Boma uli wautali. Sungani bukhu lanu la ku chipatala pouma, pakuti zotsatira zakale zimathandiza dokotala kuwerenga zatsopano. Musabwerekane lumo pometa, potema mphini kapena ku jando. Pitani ndi ana ku sikelo: kuyambira 2002 ana a m'Malawi amalandira katemera wa hepatitis B pa masabata 6, 10 ndi 14, koma ambiri obadwa kale sanabaidwe. Hepatitis C ilibe katemera, koma mapiritsi omwa pafupifupi miyezi 3 amachiza ambiri. Wochedwa kudziwa amafika chiwindi chitauma kale.