Nthenda ya Mtima Yoyambira Pakhosi

Mawu akuti "mtima" sachoka pakamwa pathu. Timati uje ngwokoma mtima, uje wapsa mtima, uje mtima wake suli m'malo. Koma mtima weniweniwo umene ukugunda m'chifuwamu ambiri sitiudziwa bwino. Tsono mphunzitsi ayenera kuudziwa, pakuti ilipo nthenda ina ya mtima imene imagwira makamaka ana a zaka 5 kufikira 15, ndiwo omwe adzakhala pamaso panu m'kalasi.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ndi tizitseko tinayi timene timalola magazi kupita mbali imodzi yokha, osabwerera m'mbuyo. Nthenda tikunenayi, imene madokotala amaitcha rheumatic fever, imaononga tizitsekoti. Chiyambi chake nchooneka chaching'ono: mwana amamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi chifukwa cha tizilombo totchedwa streptococcus. Akapanda kulandira mankhwala, mwa ana ena thupi pomenyana ndi tizilomboto limalakwitsa, niliyamba kumenya ziwalo zake zomwe. Papita masabata awiri kapena atatu, mwana ayamba kudandaula nyamakazi: lero bondo latupa, mawa bondolo laleka ndipo kwatupa ndi pachigongono. Nthenda ikabwerabwera, tizitseko tija timachita zipsera, ndipo sititsekanso kapena kutseguka bwino.

Zizindikiro zina zimaonekera kwa mphunzitsi makolo asanazindikire. Mwana amene anali kuthamanga bwino m'bwalo ayamba kupuma wefuwefu atangoyenda pang'ono, atopa msanga, mapazi atupa, usiku alephera kugona chagada chifukwa cha phuma. Wina manja ndi nkhope zimangogwedezeka iye osafuna, cholembera chimampulumuka, ndipo zolemba zake zimaipa mwadzidzidzi. Mwana wotere musamkalipire kuti ngwaulesi kapena ngwachibwana. Ameneyo akudwala.

Kuchipatala dokotala amayamba wamvetsera pachifuwa ndi chipangizo chimene René Laennec wa ku France anachipanga m'chaka cha 1816. Chitseko choonongeka chimamveka mkokomo wachilendo magazi akamadutsapo. Amayezanso magazi, ndipo kumene makina alipo, amaunika mtima ndi kuona tizitseko tikugwira ntchito.

Mankhwala ake ndi penisilini, amene Alexander Fleming anawatulukira ku London m'chaka cha 1928. Kuwawa kwa pakhosi koyamba kuja kumatha ndi jekeseni imodzi kapena mapiritsi a masiku khumi, ndipo motero mtima umapulumuka. Koma mwana amene nthendayi yamgwira kale ayenera kubayidwa jekeseni masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri, kuti isabwerenso. Tizitseko tikaonongeka kwambiri pamafunika opaleshoni, imene njamtengo wapatali ndipo sichitika m'zipatala zambiri.

Chotero ntchito yanu, inu amene mukukonzekera uphunzitsi, nayi. Mwana akadandaula pakhosi thupi lili lotentha, uzani makolo kuti apite naye kuchipatala msanga. Amene ali pa jekeseni ya mwezi ndi mwezi mloleni apite tsiku lake likakwana, ngakhale pakhale mayeso, ndipo mumkumbutse akaiwala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Inunso dekhani poyang'ana ana anu, pakuti mungapulumutse moyo wa wina.