Kachikho ka woyendetsa ndege ndi zimene sikaona

M'mamawa, ndege yaing'ono isananyamuke, woyendetsa amawerama kunsi kwa phiko atagwira kachikho koonekera mkati. Amatunga mafuta pang'ono kuchokera pansi pa thanki, n'kukweza kachikhoko kudzuwa. Anthu okwera amangoona ngati mwambo, koma apa m'pamene pagona moyo wawo.

Ndege za injini ya pisitoni, monga Cessna 172, zimamwa mafuta otchedwa avgas 100LL, omwe amawathira utoto wabuluu. Madzi akalowamo sasakanikirana nawo. Amamira n'kukhala ngati timikanda pansi pa kachikho, poti lita ya avgas imalemera magalamu pafupifupi 720 pomwe ya madzi ndi kilogalamu yathunthu.

Madziwo njira zake n'zambiri. Thanki ikagona yosadzaza, chinyezi cha mumpweya chimasanduka mame usiku, monga amadonthera malata m'mwezi wa June. Mvula nayo imalowera pachivundikiro chomwe labala yake yafwifwa. Kumabwalo akumidzi, komwe mafuta amasungidwa m'migolo, mgolo woimikidwa panja pamvula umasunga madzi pamwamba pake, ndipo kukatentha n'kuzizira umawayamwira mkati.

Chondiopsa ine n'chakuti injini ya ndege yomwe m'thanki mwake mwalowa madzi imalira bwinobwino ili pansi, chifukwa imayamba yamwa mafuta abwino otsala m'mapaipi. Ndege ikathamanga n'kudzutsa mphuno, madzi aja amasuntha n'kufika ku injini. Imatsokomola, mphamvu n'kutha, ndege idakali m'munsi moti woyendetsa alibe nthawi yosankha pokatera. N'chifukwa chake amene wapeza dontho limodzi sayenera kunyamuka mpaka atatunga mobwerezabwereza, atagwedeza mapiko, n'kuona mafuta oyera.

Pena cholakwa chimakhala cha wothira, akathira Jet A-1, mafuta onga palafini, m'ndege ya pisitoni. Buluu uja akhoza kuonekabe, koma kadontho papepala kamaulula: avgas amauma msanga, Jet A-1 amasiya banga lamafuta.

Komatu kachikho sikaona zonse, ndipo anthu a ku Australia anaziphunzira mowawa. Chakumapeto kwa 1999, fakitale yoyenga mafuta ya Mobil ku Altona, mumzinda wa Melbourne, inatulutsa avgas momwe munatsalira mankhwala a ethylene diamine, omwe ankawagwiritsa ntchito poteteza zitsulo za pafakitalepo kuti zisadyeke. Anali ochepa kwambiri, diso silikanawaona. Koma atakumana ndi zipangizo za mkuwa m'njira ya mafuta, anapanga phala lakuda lomata lomwe linkatseka masefa ndi kabuleta. Pofika January 2000, bungwe loona zachitetezo cha ndege m'dzikolo, CASA, linali litaletsa ndege zikwizikwi kuuluka. Sukulu zophunzitsa kuyendetsa ndege, ndege zopopera mankhwala m'minda ndi zonyamula anthu kumadera akutali, zonse zinakhala pansi.

Oyendetsa ndegezo sanalakwe kanthu. Ankatunga mafuta m'mamawa monga anaphunzitsidwira, n'kuwapeza ali oyera. Amakaniko ndiwo anavutika kukhetsa matanki, kutsuka mapaipi ndi kuyeza ndege iliyonse payokhapayokha isanaloledwe kubwerera mumlengalenga.