Kupeza ndi Kupempha Zolembedwa za Milandu ya Cisudzulo m'Makhoti a Local Court

1.0 Mau Oyamba

Pali malo ocepa m'dziko muno amene Cinyanja ca nkhani za banja cimayankhulidwa mosabisa monga m'bwalo la milandu ya cisudzulo. Pamenepo mwamuna ndi mkazi wake, ankhoswe ao ndi makolo amachula mau monga cikamwini, citengwa, malowolo ndi kusudzula pa nthawi imene tanthauzo la liu limodzi likhoza kugawa katundu kapena kusankha kumene ana adzakulira. Popeza kuti maloya saimirira anthu pa milandu yotere m'khoti la Local Court, aliyense amadziyankhulira yekha. Cifukwa ca ici, zolembedwa za makhotiwa ndi nkhokwe yaikulu kwa wofufuza cinenero, kwa wolemba dikishonale ndi kwa mphunzitsi wa kumasulira.

Komabe ophunzira athu ambiri amabwerako ku khoti cimanjamanja. Kawirikawiri colakwa sicikhala ca kalaliki wa khoti, koma cakuti wopemphayo sanadziwe khoti loyenera, sanachule bwino cimene afuna, kapena anayembekeza kupeza m'fayilo zinthu zimene fayilo sisunga. Colinga ca pepala lino ndi kufotokoza kumene zolembedwazi zimakhala, m'mene zimapemphedwera, ndi m'mene ziyenera kuwerengedwera zikapezeka.

2.0 Mtundu wa Ukwati ndi Khoti Lake

Funso loyamba ndi lakuti ukwati umene unathawo unali wa mtundu wanji. Ukwati wolembetsedwa motsatira Marriage Act, Caputala 50 ca malamulo a Zambia, umathetsedwa ndi High Court motsatira Matrimonial Causes Act ya 2007, ndipo fayilo yake imakhala ku ofesi ya zolembedwa ya khoti lalikululo. Ukwati wa mwambo, umene umamangidwa ndi mabanja awiri kudzera mwa ankhoswe, umathetsedwa m'khoti la Local Court motsatira Local Courts Act ya 1966, Caputala 29. Tidziwenso kuti kudalitsidwa m'chalichi pakokha sikusandutsa ukwati wa mwambo kukhala wa Marriage Act. Cimene cimasiyanitsa ndi ngati zofunika za lamulolo zinatsatidwa.

Pali gulu lacitatu limene wofufuza sayenera kuiwala. Maukwati ambiri a mwambo amatha osafika ku khoti konse. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakumana, mwina pamaso pa mfumu ya mudzi, nkhani nkuthera pomwepo popanda pepala. Conco kusowa kwa dzina m'kaundula wa khoti sikutsimikizira kuti banja silinathe, ndipo ciwerengero ca milandu ya m'khoti si ciwerengero ca maukwati otha m'deralo.

Mlandu ukacitidwa apilo, zolembedwa zake zimatumizidwa ku khoti lapamwamba. Apilo yocokera ku Local Court imapita ku Subordinate Court, kwa majisitireti, ndipo kucokera kumeneko ikhoza kukwera mpaka ku makhoti aakulu. Citsanzo codziwika ndi mlandu wa Chibwe ndi Chibwe, wokhudza kugawa katundu pambuyo pa kutha kwa ukwati wa mwambo wa Aushi. Unayambira m'khoti la Local Court ku Mufulira, nudutsa kwa majisitireti ndi ku High Court, kufikira Supreme Court inaugamula mu 2000. Zigamulo zambiri za makhoti aakulu zimapezeka pa intaneti, makamaka pa ZambiaLII, koma za Local Court ziyenera kufunidwa pa mapepala, pamalo pamene mlandu unaweruzidwira kapena pamene fayilo inatumizidwa.

3.0 Caka ca Mlandu ndi Kumene Fayilo Ingakhale

Funso laciwiri ndi la caka. Boma la atsamunda linazindikira mabwalo a mafumu kudzera mu Native Courts Ordinance ya 1929, imene inakonzedwanso mu 1936, ndipo ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 makhoti a Aafirika a m'matauni anatsegulidwa ku Copperbelt. M'nthawi imeneyo zolembedwa za makhotiwa zinkayenderedwa ndi bwanamkubwa wa boma laling'ono, amene anali ndi mphamvu yosintha cigamulo. Lamulo la 1966 linacotsa makhotiwa m'manja mwa maulamuliro a mafumu ndi kuwaika pansi pa nthambi ya zaciweruzo, ndipo dzina la Native Court linalowedwa m'malo ndi la Local Court.

Mbiri imeneyi ili ndi nchito kwa wofunafuna fayilo. Milandu ya zaka zaposacedwa imakhala pa khoti lenilenilo. Yakalekale, makamaka ya nthawi ya atsamunda, ifunidwe ku National Archives of Zambia ku Lusaka, imene imayendetsedwa motsatira National Archives Act ya 1969; kumeneko zolembedwa za boma zimatsegulidwa kwa anthu zikakwanitsa zaka 20. Pofufuza m'mabuku olozera a kumeneko, wofufuza agwiritse nchito maina akale: Chipata adzampeza pa dzina la Fort Jameson, ndipo khoti la kumudzi lingalembedwe pa dzina la mfumu ya deralo. Malire a maboma naonso asintha. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, motero mlandu wakale wa kumeneko ungalembedwe pansi pa Katete, Petauke kapena Chadiza.

Si fayilo iliyonse imene inapulumuka. Mapepala olembedwa pamanja, osungidwa m'cipinda cimodzi kwa zaka zambiri, amaonongeka ndi ciswe, makoswe ndi denga lodontha. Ici ndi cifukwa cina cimene nchitoyi siyenera kucedwetsedwa.

4.0 Zoyenera Kudziwa Musanapite ku Khoti

Kalaliki safufuza mlandu potsatira mutu wa kafukufuku wathu. Iye amaufufuza potsatira nambala ya mlandu ndi caka cake, pakuti milandu imalembedwa m'kaundula motsatana caka ndi caka. Wopempha amene ali ndi nambalayo, imene imapezeka pa kalata yoitanira ku khoti, pa lisiti kapena pa satifiketi ya cisudzulo, wapeputsa nchito kwambiri. Amene alibe abweretse dzina la khoti, maina a wodandaula ndi woyankha mlandu, ndi caka kapena nyengo imene mlandu unaweruzidwa.

Pa nkhani ya maina, wodziwa cinenero ali ndi mwai. Dzina limodzi likhoza kulembedwa m'njira zingapo: c kapena ch, l kapena r, ph kapena p. Mkazi angalembedwe ndi dzina la atate wake, la mwamuna wake, kapena la pfuko monga Naphiri ndi Nabanda, kapenanso lokhala ndi Nya- kuciyambi monga acitira Atumbuka. Nkwanzeru kulemba pa pepala mitundu yonse ya dzinalo musanatsegule kaundula.

Mutu wa mlandu naonso ungasokeretse. Mlandu umene unathera m'cisudzulo mwina unayamba monga pempho lakuti khoti liyanjanitse banja, kapena monga dandaulo la cigololo. Nkhani ya katundu ndi ya cithandizo ca ana ikhozanso kubwera pambuyo pake. Wofufuza amene angoyang'ana liu lakuti divorce m'kaundula adzaphonya milandu yambiri yofunika.

5.0 Kapemphedwe Kake

Opempha ali m'magulu awiri, ndipo njira zao zisiyana. Woyamba ndi mwini mlandu, amene afuna kope la satifiketi ya cisudzulo kapena la cigamulo, mwina kuti akwatirenso, mwina kuti atsimikizire mbali yake pa nkhani ya penshoni kapena ya cuma ca masiye cogawidwa motsatira Intestate Succession Act ya 1989. Iyeyu apite kwa kalaliki wa khoti limene linaweruza mlanduwo ndi citupa cake, alipire ndalama yoikidwa ndi lamulo, nalandire lisiti ya boma. Ngati kopelo likagwiritsidwa nchito ku ofesi ina, apemphe kuti litsimikizidwe ndi siginecha ndi cidindo ca khoti.

Waciwiri ndi wofufuza, amene alibe mbali pa milanduyo. Iyeyu asayambire pa zenera la kalaliki. Ayambe ndi kalata yocokera kwa mkulu wa dipatimenti yake pamodzi ndi cilolezo ca komiti yoona za khalidwe la kafukufuku, ndipo alembere ku likulu la nthambi ya zaciweruzo ku Lusaka, kumene kuli ofesi ya Director of Local Courts. Yankho la kumeneko ndilo limatsegula citseko kwa woyang'anira makhotiwa m'cigawo ndi kwa woweruza wamkulu wa khoti lofunidwalo. Kalatayo ilembedwe m'Cingelezi, ikhale yaifupi, ndipo ichule izi: khoti lofunidwa, zaka zofunidwa, mtundu wa milandu, ngati wofufuza afuna kungowerenga kapena kujambulanso mapepala, ndi m'mene maina a anthu adzabisidwira. Pempho lonena kuti tifuna milandu yonse ya cisudzulo ya ku Cigawo ca Kum'mawa silingayankhidwe. Lonena kuti tifuna kaundula wa khoti limodzi wa zaka zisanu ndi lotheka.

Access to Information Act ya 2023 inapatsa nzika ufulu wopempha zimene maofesi a boma asunga, koma lamulo lomwelo limatetezanso zinsinsi za munthu wina. Silicotsa kufunika kwa cilolezo ndi kwa ulemu. Wofufuza akafika pa khoti, adzionetse kwa woweruza wamkulu asanapemphe ciliconse, afunse masiku amene khoti silikhala ndi milandu yambiri, ndipo ayambe ndi kaundula asanaitanitse mafayilo. Pepala lisacotsedwe pamalo pake kapena kulembedwapo kanthu.

6.0 Kuwerenga Fayilo Ikapezeka

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Mlandu umakambidwa m'Cinyanja, m'Cinsenga kapena m'Citumbuka, koma kawirikawiri umalembedwa m'Cingelezi, cimene ndi cinenero ca boma malinga ndi ndime 258 ya malamulo oyendetsera dziko monga anakonzedwera mu 2016. Wolembayo amamva, amamasulira ndi kufupikitsa pa nthawi imodzi. Conco cimene tiwerenga ndi mau a mboni atadutsa m'manja mwa womasulira.

Zitsanzo zitatu zionetsa kukula kwa vutoli. Liu lakuti uncle limaphimba malume ndi atate aang'ono omwe. Koma pakati pa Acewa malume ndiye mwinimbumba, amene ali ndi mau pa ana a mlongo wake, pamene pakati pa Angoni a Mpezeni, kumene malowolo amapatsa mbali ya mwamuna mphamvu pa ana, mbale wa atate ndiye wofunika. Woŵerenga amene sadziwa kuti uncle wolembedwayo ndi uti sangamvetse cifukwa ca cigamulo. Caciwiri, nkhoswe akalembedwa monga witness, udindo wake womanga ndi kumasula ukwati umasowa. Cacitatu, kusudzula sikutanthauza kuthetsa ukwati wa amoyo kokha. Ndi liu lomwelo limene limanenedwa pomasula wamasiye pambuyo pa maliro. Kulekana, kuthamangitsa ndi kubweza mkazi kwa makolo ake zonse zikhoza kugwera m'mau amodzi kapena awiri a Cingelezi, ngakhale kuti ciliconse cimaloza wolakwa wosiyana.

Phindu lalikulu kwa ife lili pa mau amene wolemba anawasiya osamasulira pakati pa ciganizo ca Cingelezi. Mau otero amasonyeza pamene Cingelezi cinalephera kunyamula lingaliro, ndipo akasonkhanitsidwa caka ndi caka amaonetsa m'mene tanthauzo likusinthira. Tikumbukirenso cenjezo la Martin Chanock m'buku lake la 1985 lonena za malamulo ndi mwambo m'Malawi ndi Zambia, lakuti cimene khoti licha mwambo cinaumbidwa ndi zocitika za nthawi ya atsamunda ndi zofuna za amene ankauchula. Max Gluckman pakati pa Alozi ndi A. L. Epstein m'makhoti a ku Copperbelt anakhala m'bwalo ndi kumvera milandu ikuweruzidwa. Ifenso tiyenera kuphatikiza fayilo ndi makutu athu, pokhala pa milandu imene anthu aloledwa kumvera, koma osajambula mau popanda cilolezo ca khoti.

7.0 Kusunga Ulemu wa Eni Milandu

M'mafayilo amenewa muli nkhani za kusabereka, matenda, nkhanza ndi za kucipinda. Eni ake ambiri ali moyo, ndipo ana ao ali m'masukulu amene timaphunzitsamo. Data Protection Act ya 2021 ndi Children's Code Act ya 2022 zimateteza zinsinsi za anthu ndi za ana, koma ngakhale popanda malamulowo udindo ndi wathu. Pokopera, dzina la munthu lilowedwe m'malo ndi cilembo, ndipo dzina la mudzi, nchito ya munthu ndi tsiku lenileni zisachulidwe ngati zingamuzindikiritse. Mphunzitsi asatenge ciganizo ca m'fayilo kupita naco m'kalasi la m'dera lomwe mlanduwo unacokera.

8.0 Mau Otsiriza

Wofuna zolembedwa za cisudzulo ayambe ndi mtundu wa ukwati, caka ndi nambala ya mlandu, apemphe kudzera m'maofesi oyenera, ndipo awerenge fayilo monga nchito ya womasulira. Tikupempha madipatimenti a zinenero kuti asankhe khoti limodzi m'Cigawo ca Kum'mawa ndi lina m'Lusaka, apemphe cilolezo cowerenga makaundula a zaka zingapo, ndi kulemba mndandanda wa mau onse a Cinyanja amene anasiyidwa osamasulira. Mndandanda wotero ungathandize olemba madikishonale, ndipo kope lake liyenera kubwezedwa kwa akalaliki ndi omasulira a m'makhoti amene anatitsegulira makabati ao.