Dokotala Jane Waterston: mpainiya wa uchembere wabwino kummwera kwa Africa

Mayi woyembekezera amene lero amathandizidwa ndi mzamba wophunzira ku kiliniki za ku Kroondal ndi Rustenburg akupindula ndi ntchito imene idayamba kalekale. Mmodzi mwa oyiyambitsa anali Dokotala Jane Elizabeth Waterston, amene amadziwika kuti anali dokotala wamkazi woyamba kugwira ntchito kummwera kwa Africa. Iwo adagwirako ntchito ku Malawi ndi kuno ku South Africa.

Maphunziro awo

A Waterston adabadwa m'chaka cha 1843 ku Inverness m'dziko la Scotland. M'chaka cha 1867 adafika ku mishoni ya Lovedale, m'dera limene tsopano ndi Eastern Cape, kudzayang'anira sukulu ya atsikana. Mu 1874 adalowa sukulu ya London School of Medicine for Women, pa nthawi imene sukulu zambiri za udokotala zinkakana akazi. Chilolezo chogwirira ntchito adachilandira ku Ireland mu 1879.

Ku Cape Maclear

Chaka chomwecho adapita ku mishoni ya Livingstonia, imene panthawiyo inali ku Cape Maclear m'mbali mwa nyanja ya Malawi, motsogozedwa ndi Dokotala Robert Laws. Kumeneko luso lawo silidalemekezedwe. Nthawi yambiri ankapatsidwa ntchito yophunzitsa ana, ndipo sadakondwe ndi mmene amishonale ena ankachitira ndi anthu akuda. Mu 1880, patangopita miyezi yochepa, adachoka nabwerera ku Lovedale.

Ntchito ya azamba ku Cape Town

Mu 1883 adakhazikika ku Cape Town. Masiku amenewo amayi osauka ambiri ankachirira kunyumba popanda munthu wodziwa kuletsa kutaya magazi kapena kuteteza mayi ku tizilombo. Mu 1888 a Waterston adakhazikitsa nthambi ya amayi yotchedwa Ladies' Branch of the Free Dispensary, imene inkathandiza amayi osauka pa nthawi yochira ndiponso kuphunzitsa azamba. Dokotala mmodzi sangafikire mayi aliyense, koma azamba ophunzitsidwa bwino angathe kufikira amayi ambiri.

Mu 1929 yunivesite ya Cape Town idawapatsa digiri yaulemu. Adamwalira mumzindawo mu Disembala 1932.

Zimene mayi woyembekezera ayenera kudziwa lero

Cholinga cha a Waterston, choti umphawi usalepheretse mayi kupeza mzamba, tsopano chili m'malamulo. Kuyambira mu 1994, amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 6 amalandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma, kupatula amene ali pa medical aid. Mu 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng lidagamula kuti ufulu umenewu ndi wa mayi aliyense, kaya ndi wochokera kudziko lina kapena alibe mapepala.

- Yambani sikelo mukangozindikira kuti muli ndi pakati. Boma limalimbikitsa kupita kusikelo kasanu ndi katatu.
- Kusikelo amayeza kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi m'thupi, HIV ndi chindoko. Kulandira mankhwala msanga kumateteza mwana.
- Tengani khadi lanu la sikelo kulikonse kumene mukupita, ngakhale paulendo wa kumudzi.
- Lembetsani ku MomConnect kuti muzilandira uphungu pa foni kwaulere.

Zizindikiro zoopsa

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo mukaona izi: kutaya magazi, mutu waukulu kapena kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kutuluka madzi nthawi isanakwane, kapena mwana kusiya kusewera m'mimba. Ambulansi imaitanidwa pa 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja. Amayi amene ali ndi vuto lalikulu angatumizidwe ku chipatala cha Job Shimankana Tabane ku Rustenburg.

Amuna ndi abale osamalira mayi akonzeretu mayendedwe tsiku lochira lisanafike, makamaka ngati mukukhala kutali ndi kiliniki.